BWALO LA NKHUKU LOCINGA NDI MPANDA: MAU KWA ALIMI A KU ULONGWE

Inu amene muweta nkhuku m'midzi ya kwa Kalembo, ndi m'mbali mwa mseu wocokera ku Liwonde kunka ku Mangochi, tawerengani anapiye anu. Thadzi likaswa khumi ndi awiri, afika angati pa msinkhu wakugulitsa? Kawirikawiri satsala ndi theka lomwe. Ena atengedwa ndi kabawi ndi khwangwala masana, anthu ali kumunda. Ena agwidwa ndi likongwe m'mbali mwa tchire. Ena alowa m'dimba la mnansi, osabweranso, ndi mlandu utsala pakati pa abale. Ndipo otsalawo citopa ciwasesa pamodzi ndi mai wao, pakufika dzuwa la October. Munthu akataya mbuzi imodzi mudzi wonse umva. Koma nkhuku zitha imodzi imodzi, mwakacetecete, ndipo mwini wace angoti, Caka cino sizinaswane.

Cifukwa cace tilemba za bwalo la nkhuku. Ndilo malo ocinga ndi mpanda mbali zonse zinai ndi pamwamba pomwe, olumikizana ndi khola logonamo, ndipo msinkhu wace ukhale wakuti munthu wamkuru alowamo ciriri, osawerama. Pa ici tilimbikirapo. Ambiri amanga kampanda kofika m'cuuno, poti asunge mitengo. Koma m'malo mmene munthu salowa bwino, sasesamonso. Zitosi ziunjikana, utitiri ucuruka, dzira loikiridwa pangondya liolera pomwepo, ndi nkhuku yodwala ifa isanagwidwe. Khola limene mai wa pabanja akhoza kulowamo ndi tsace m'manja ndi mwana kumbuyo, ndilo lidzakhala laudongo.

Yambani mwawerenga cakudya

Musanadule mtengo ndi umodzi womwe, khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu, nimuwerenge za cakudya. Nkhuku ya kumudzi idzifunira yokha zakudya zace: ipalasa m'dzala, itola ciswe ndi ziwala, idya msipu ndi njere za udzu. Mukaitsekera, nchito yonse inali kucita ndi mapazi ace yagwera inu. Walira mvula walira matope. Nkhuku yaikuru idya ngati magalamu 100 tsiku limodzi, ndiwo manja awiri. Tsono matadzi khumi ndi tambala wao atsiriza kilogalamu ndi kakenso tsiku ndi tsiku, ndipo thumba la makilogalamu 50 silifika miyezi iwiri. Ngati simukhoza kupeza cotere m'miyezi ya January ndi February, pamene madeya omwe asanduka cakudya ca anthu, musasunge nkhuku khumi. Sungani zisanu, zotsalazo mugulitse pa Krisimasi kapena pa Idi, mtengo uli bwino.

Madeya okha sakwanira ai. Nkhuku yodya madeya okhaokha ikhala ndi moyo, koma ileka kuikira, niyamba kuzula nthenga za zinzace ndi kujompha mazira. Pa mbale zitatu za madeya thirani mbale imodzi ya zomanga thupi: soya wokazinga ndi kusinja, kapena nandolo ndi khobwe wophwanyika, amene pa msika akanidwa. Soya wamuwisi musapatse, pakuti sagayika bwino m'mimba mwa nkhuku. Zinyenyeswa za usipa ndi kambuzi zotsala pansi pa dengu, zimene ogulitsa nsomba za ku Malombe akutumulira pansi, ndizo cakudya coposa. Pang'ono pokha pakwanira. Zigoba za nkhono ndi za mazira muzioce, nimuzisinje, kuti mazira akhale olimba khungu. Masamba a cam'mwamba, a mbatata ndi bonongwe muwapacike pa cingwe tsiku liri lonse. Ziwiri tikucenjezani nazo. Njere za thonje, zimene zicuruka kwathu kuno, ziri ndi ululu wobvulaza nkhuku ndi kuipsa mazira. Ndipo cimanga kapena mtedza wa cuku, umene simungadye inu, upha anapiye.

Malo

Dziko la Ulongwe liri lacidikha ndi lotentha, ndi dothi lace m'malo ambiri ndi makande, amene ang'ambika m'cilimwe, namata ngati ulimbo m'dzinja. Sankhani tsono malo otukuka, kumene madzi saima. Ngati simukumbukira bwino, funsani kumene kunali kouma pa mvula ija ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Pomwepo ndipo pomanga. Pabwalo pakakhala cithaphwi, nkhuku zimwa madzi osanganiza ndi zitosi zao, ndi njoka za m'mimba ndi kamwazi wa anapiye ziyambira pamenepo. Kwezani pansi pace ndi dothi la pa culu kufikira cikhato cimodzi, mutsendere, muthire mcenga pamwamba, nimukumbe ngalande kumbali yocokera madzi.

Mdani wamkuru wa nkhuku kuno ndiye kutentha, koposa kuzizira. Nkhuku siituruka thukuta monga munthu. Ikatenthedwa iyasamula kukamwa, nitambasula mapiko, ndipo ikasowa mthunzi masana a November ikhoza kufa madzi ali pafupi. Mtengo wa mango kapena wa nimu ukakhala kumadzulo kwa bwalo, mwapeza mwai, pakuti dzuwa lopweteka ndilo lakupendeka. Koma nthambi zisagone pa denga la bwalo. Bvumbwe ndi mwiri ayenda pa nthambi monga inu pa mseu. Mbali ya kumwera, kocokera mphepo ya June ndi July, muicinge ndi udzu wothithikana. Mbali zina zikhale zopita mphepo.

Lisatalikire nyumba. Likhale pakuti nkhuku ikalira usiku mumva muli pamphasa, pakuti akuba a miyendo iwiri aposa likongwe kucenjera. Koma lisayandikire citsime kapena malo ophikira, ndipo nkhuku zileke kugona m'nyumba pamodzi ndi ana. Mwambo umenewo uteteza nkhuku kwa akuba, nudwalitsa ana.

Muyeso

Nkhuku iri yonse ifuna malo osacepera mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Matadzi khumi ndi tambala mmodzi akwana m'bwalo la mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Ndiwo muyeso wocepetsetsa, ndipo amene ali ndi malo ndi mitengo acita bwino kumanga la mamita 6 ndi mamita 4, pakuti nkhuku ziswana ndipo mpanda sukula. Zikapanikizana zijomphana, ndi yofooka siifika pa cakudya.

Muyeso uwu wa mamita 4 ndi 3 uli ndi ubwino wina umene amisiri a njerwa audziwa. Mukakhoma zikhomo zinai pa ngondya, yesani ndi cingwe kucokera ngondya imodzi kudutsa pakati kufikira ngondya yopenyana nayo. Cikakwana mamita 5, ndi mbali inayo mamita 5, bwalo lanu laongoka. Cikapanda kutero, sunthani zikhomo musanakumbe. Bwalo lokhota libvuta pokoka waya, ndi citseko cace sicitseka.

Mitengo ndi ciswe

Mufuna nsanamira 8: zinai pa ngondya, ndi imodzi pakati pa mbali iri yonse, ya mbali ya khomo muisunthire pafupi ndi ngondya, kuti ikhale mphuthu ya citseko. Iri yonse italike mamita awiri ndi masentimita 60, pakuti masentimita 60 alowa pansi, ndiwo ngati mkono kufikira pa cigongono ndi cikhato cimodzi, ndi mamita awiri atsala pamwamba. M'makande musacepetse dzenje. Dothi ili lisuntha nsanamira pakuuma ndi pakunyowa. Thirani miyala ndi zidutswa za njerwa m'dzenje, nimutsendere pang'ono pang'ono ndi mtengo, osakwirira kamodzi.

Akuru adziwa kuti tsanya ndiwo mtengo umene ciswe ciulephera. Koma tsanya wa m'midzi watha ndi makala, ndipo wotsala uli m'nkhalango ya Liwonde, kumene kudula mtengo ndi mlandu. Musagule citetezo ca nkhuku zanu ndi ndende. Bulugamu wokhwima ndi kesha agwira nchito bwino mukawakonza. Sendani makungwa onse, pakuti ciswe ciyenda pansi pa khungwa. Umikani mitengo pamthunzi. Ocani tsinde lace pamoto kufikira lada ngati khala, kuposa pang'ono malire olowa pansi. Ndipo mukapeza oilo wakuda wotsala ku galimoto kapena ku cigayo, pakani tsindelo. Thirani phulusa m'dzenje. Zonsezi zicedwetsa ciswe, sizicithetsa. Cifukwa cace mwezi ndi mwezi gogodani nsanamira, nimucotse mizere ya dothi imene cimanga pokwera. Ena abzala nthambi zaziwisi za gliricidia pakati pa nsanamira pakuyamba mvula. Ziphuka, nizikhala mpanda wamoyo wopatsa mthunzi, ndipo ciswe sicidya mtengo wamoyo monga cidya wouma.

Mpanda weni weni

Amene akhala pafupi ndi nkhalango aona mpanda wa magetsi umene a African Parks anamanga atalandira nkhalango ya Liwonde m'caka ca 2015. Ndipo aona kuti antchito auyendera masiku onse, pakuti mpanda utha mphamvu pa malo amodzi ofooka. Comweco ndi wanu. Mdani wa nkhuku sayesa pakati pa mpanda. Afuna pansi, pa ngondya, ndi pa khomo.

Ndalama zikacepa, muziike pansi. Gulani waya wa maso ang'ono, a theka la inchi, wa masentimita 90 m'lifupi mwace, wokwanira kuzinga mamita 14 ndi kutsalako pang'ono polumikiza. Kumbani kangalande kuzungulira bwalo, kunja kwa nsanamira. Masentimita 30 a waya alowe pansi, ndipo mupinde mlomo wace kuloza kunja, nimuutsendereze ndi miyala ndi njerwa zosweka. Galu kapena msulu akumba pa tsinde penipeni pa mpanda. Akapeza waya pansi pa zikhadabo zace aleka, pakuti sadziwa kubwerera m'mbuyo ndi kuyamba patali. Masentimita 60 otsala pamwamba atseka anapiye kuti asaturuke, natseka makoswe akuru, ng'azi ndi njoka yodya mazira. Waya wa maso akuru pamenepa ndi kutaya ndalama: mwanapiye apitapo, ndi likongwe apitanso.

Kucokera pamenepo kufikira pamwamba simufuna waya wa mtengo wapatali. Bango la ku Shire, nsungwi zong'amba, kapena mapesi olimba a mapira zikwanira, mukazimanga pa mbalo zitatu ndi luzi kapena mlaza, zoyandikana kuti zala ziwiri zisapite. Mapesi mudzawasintha caka ndi caka, nsungwi zikhalitsa. Amene akhoza kugula waya wa mbali zonse agule, ndipo aukoke wolimba, kuyambira pa ngondya, munthu mmodzi akukoka ndi wina akukhoma misomali yopinda.

Pamwamba musasiye poyera. Kabawi satsika kawiri kawiri m'malo opanikiza, koma khwangwala alowa, natenga mazira ndi anapiye. Mpheta ndi njiwa zidya madeya anu, nizisiya matenda. Gonekani mtanda umodzi pakati, m'litali mwa bwalo, wokwezeka pang'ono, ndi phaso locokera pamenepo kunka kumbali. Theka loyandikana ndi khola mufolere ndi udzu, kuti pakhale pouma ndi pamthunzi. Malata atentha, ndipo wakuika malata ayale udzu pamwamba pace. Theka lina muphimbe ndi waya, kapena ndi ukonde wakutha wa asodzi. Koma ukonde wa udzudzu umene mulandira ku cipatala si wa nkhuku ai. Kwathu kuno malungo apha ana caka ndi caka, ndipo nkhuku khumi sizilipira mwana mmodzi.

Khomo likhale la masentimita 80 kapena 90, kuti wilibala kapena dengu la manyowa lipite. Pansi pace yalani mzere wa njerwa kapena mtengo wogoneka, kuti pasakhale mpata; citseko citsegukire m'kati, kuti polowa inu cikankhe nkhuku m'mbuyo; ndipo cikhale ndi motsekera muwiri, pamwamba ndi pansi, pakuti citseko comanga pakati pokha galu acikankha kunsi. Ici ndico cimene ana asiya cotsegula, muwaphunzitse.

Za m'kati

Khola logonamo, kapena citele cokwezeka pa nsanamira monga ca makolo, kapena kanyumba ka njerwa, lilumikizane ndi bwalo pa kakhomo kakang'ono kotseka usiku. Citele cokwezeka mita imodzi ciri bwino m'dziko lino la madzi ndi linthumbu; zitosi zigwa pansi, ndi kunsi kwace nkhuku zipeza mthunzi. Ikani mitanda yogonapo yonenepa ngati mpini wa khasu, cikhato cimodzi ndi theka kwa nkhuku iri yonse. Zisa zikhale pa malo a mdima, cimodzi kwa matadzi anai. Mphika wosweka kapena dengu lakale likwana. Udzu wa m'cisa muutenthe thadzi likaswa, nimuike watsopano.

Pa ngondya youma kumbani kadzenje, nimudzaze mcenga ndi phulusa. M'menemo nkhuku zisamba pfumbi, nizicotsa nsabwe. Utitiri womata kumaso ndi pamutu muupake mafuta a Vaseline, ndipo ufa posowa mpweya. Madzi akhale pamthunzi, m'mphika wadothi wokwirira theka pansi kuti azizire, ndipo muwasinthe m'mawa ndi masana. Nkhuku khumi zimwa malita atatu pa tsiku wamba, ndi kuposa kawiri pa tsiku lotentha. M'mbale ya anapiye ikani timiyala, kuti angamire. Zitosi muzisesa kawiri pa sabata, muziunjike kunja pamthunzi ndi zinyalala kufikira zitaola. Zaziwisi zitentha mbeu, zoola ziposa manyowa a ng'ombe pa dimba la mpiru ndi tomato.

Ngondya imodzi muidule ndi waya wa maso ang'ono, mita imodzi ndi theka mbali zonse, ikhale ya thadzi la anapiye. Mazira aswa atapita masiku 21. Ndipo masabata asanu ndi limodzi oyamba ndiwo a imfa. Mwanapiye akapyola amenewo, kawirikawiri akula. Pano ciswe cija, mdani wa nsanamira, cisanduka bwenzi: dzazani mphika ndi ndowe zouma, zitsononkho ndi udzu, muwaze madzi, muubvundikire pa njira ya ciswe madzulo kutali ndi khola, ndipo m'mawa mukhutulire anapiye.

Citopa

Musanyengedwe kuti mpanda uletsa citopa. Nthenda iyi, imene azungu aicha Newcastle potengera mudzi wa ku England kumene inaoneka m'caka ca 1926, iyenda ndi nkhuku zodwala, ndi nthenga ndi matumbo a yakufa, ndi madengu a ku msika, ndi mapazi a anthu. Nkhuku igwetsa mapiko monga yabvala jekete, itsegula m'mimba zobiriwira, ipuma mobanika, ndi ina ipinda khosi. Ikagwidwa palibe mankhwala ocizira. Tsabola ndi mapiritsi a anthu sizithandiza. Cotetezera ndico katemera wochedwa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe: dontho limodzi m'diso limodzi, kwa nkhuku iri yonse yamoyo bwino, ndi anapiye omwe, miyezi inai iri yonse, ndiyo March, July ndi November. Wa July musauphonye, pakuti ndiwo utsogolera nyengo yotentha pamene nthenda ikula. Funsani alangizi a ziweto a ku Ulongwe, nimupangane ndi anansi kuti mudzi wonse utemere tsiku limodzi. Ndipo apa bwalo lithandiza ndithu: wotemera akafika apeza nkhuku zonse m'kati, osati ana kuzithamangitsa m'cimanga.

Nkhuku yogula pa msika, kapena yopatsidwa ndi apongozi, isalowe m'bwalo tsiku lomwelo, ingakhale ioneka yonenepa. Muisunge payokha, kutali, masabata awiri kapena atatu. Comweconso ndi tambala wakuda wa Mikolongwe, mtundu uja wa Black Australorp umene boma liweta ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu: ana ace akula msanga, naikira mazira ambiri, koma afuna cakudya coposa ndi mthunzi woposa, ndipo matadzi ace sakonda kufungatira. Sungani tsono matadzi a cikuda, akhale ofungatira mazira. Yakufa ndi nthenda muikwirire mozama kapena muitenthe. Musataye nthenga zace kudzala.

Kutsekula ndi kutseka

Sitinena kuti nkhuku zikhale m'ndende caka conse. Pakutha kukolola, kuyambira May, minda iri poyera ndi njere zatayika pali ponse. Zitsekulireni madzulo, dzuwa litapendeka, zitayamba zaikira, ndipo zidzabwera zokha pakugwa mdima mukazizoloweza kupeza madeya m'bwalo nthawi yomweyo. Potero musunga cakudya. Koma muzitsekere masiku onse pakubzala, kufikira cimanga cafika m'maondo. Pamene thonje lapoperedwa mankhwala pafupi. Ndi pamene mwamva kuti citopa calowa mudzi wina uli wonse wa m'mbali mwa mseu. Pa masiku otere mlendo asalowe m'bwalo, ndipo inu nomwe mukabwera ku msika, sambani m'manja ndi m'mapazi musanapite kukazipatsa cakudya.

Nyengo yomanga ndiyo June kufikira August, pamene udzu wauma, bango lakhwima, ndi ndalama za thonje ndi nandolo ziri pafupi. Maenje okha mukumbe msanga, mu April kapena May, makande asanaume. Pakuti akauma, khasu lidumpha.